Dziwe losambiramo likafunda, kodi stabiliser amakwera kapena amatsika?

Mwezi wa Juni ukafika, maiwe ambiri osambiramo m'mahotela, m'malo ogona alendo, m'sukulu ndi m'nyumba zina za m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amangoti zii. Madzi amazizira moti ngakhale ana, amene sachedwa kudumphira m'madzi, amangoviika chala n'kubwerera. Pofuna kuti dziwe lisakhale chokongoletsa chabe kwa miyezi itatu yathunthu, eni ake ena amaika zipangizo zofunditsira madzi. Ena amayala mapaipi akuda padenga kuti dzuwa lizitenthetsa madzi odutsamo, ena amagula makina a magetsi otchedwa heat pump, pomwe ena amadalira gasi.

Pakapita masabata angapo, dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti madzi ayamba kuchita mbuu kapena kubiriwira, chonsecho choyezera chikuonetsa kuti klorini alimo wokwanira. Wosamalira dziwe akayeza mankhwala ena otchedwa stabiliser amapeza kuti nambala yasintha. Nthawi zambiri imakhala itakwera kwambiri, koma nthawi zina mankhwalawo amapezeka atazimiririka. Popeza chinthu chachilendo pamalopo ndi makina ofunditsira madzi, mlandu wonse umagwera makinawo.

Zoona zake n'zakuti kutentha pakokha sikuonjezera stabiliser m'madzi, ndipo kumangomuchepetsa pang'ono kwambiri. Chimene kutentha kumasintha ndi kuchuluka kwa klorini amene dziwe limadya tsiku lililonse. Ngati klorini ameneyo ndi wa mtundu umene umabwera ndi stabiliser m'kati mwake, mlingo wa stabiliser umakwera mwakachetechete mpaka kufooketsa klorini yemweyo, pa nthawi imene madzi ofunda akumufuna kwambiri.

Ntchito ya stabiliser

Dzina la sayansi la mankhwalawa ndi cyanuric acid. Katswiri wa ku Germany, Friedrich Wöhler, adawapanga m'chaka cha 1829 potenthetsa urea, ndipo patapita zaka zoposa 100 adayamba kugwiritsidwa ntchito m'maiwe osambiramo. M'masitolo amagulitsidwa ngati ufa kapena timibulu toyera, ndipo ena amawatcha conditioner.

Vuto limene mankhwalawa amathetsa ndi dzuwa. Cheza cha dzuwa cha mtundu wa UV chimaphwanya klorini mofulumira, moti m'dziwe lapanja lopanda chitetezo, gawo lalikulu la klorini wothiridwa m'mawa limakhala litatha pakangopita maola ochepa. Stabiliser amagwirana ndi klorini n'kumubisa ku chezacho, kenako amamumasula pang'onopang'ono pamene womasuka kale uja akutha pa ntchito yopha tizilombo. Amagwira ntchito ngati nkhokwe imene imasunga chimanga n'kumatulutsa cha tsiku limodzi lokha.

Komabe nkhokweyi ili ndi kuipa kwake. Klorini amene wagwiridwa ndi stabiliser sapha tizilombo mwamphamvu. Amene amagwira ntchitoyo ndi kagawo kochepa kamene kali komasuka pa nthawiyo. Pa milingo imene imapezeka m'maiwe ambiri, klorini woposa magawo 90 pa 100 aliwonse amakhala wogwiridwa. Stabiliser akachuluka, kagawo komasuka kaja kamachepa kwambiri, koma choyezera wamba chimawerenga zonse pamodzi, wogwiridwa ndi womasuka yemwe. Ichi ndicho chifukwa chake nambala ya klorini imatha kuoneka yabwino pamene ndere zikumera m'makoma.

Mankhwala a m'dziwe amayezedwa mu ppm, ndipo 1 ppm ndi chimodzimodzi ndi miligalamu imodzi m'lita imodzi ya madzi. M'maiwe apanja ambiri, stabiliser amafunika kukhala pakati pa 30 ndi 50 ppm. Maiwe amene amapanga okha klorini kuchokera ku mchere nthawi zambiri amasungidwa pa 60 mpaka 80 ppm. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a 2006 okhudza maiwe osambiramo, lidati mlingowu usapitirire 100 ppm.

Makina sawotcha stabiliser

Anthu ena amaganiza kuti madzi akamadutsa m'makina ofunditsira, stabiliser amapsa kapena kuphwanyika. Maganizo amenewa alibe maziko. Kuti cyanuric acid aphwanyike ndi kutentha kokha, pamafunika madigiri oposa 300. Dziwe losambiramo limafunditsidwa kufika pa madigiri 26 mpaka 30 basi. Malamulo a mipikisano ya kusambira ya padziko lonse amafuna madzi a madigiri 25 mpaka 28, ndipo ngakhale timaiwe totentha topumuliramo, totchedwa spa kapena jacuzzi, sitiyenera kupitirira madigiri 40. Kutentha konseku kuli kutali kwambiri ndi kumene kungaononge mankhwalawa mwachindunji.

Kuzizira nakonso sikumuchotsa m'madzi. Lita imodzi ya madzi a madigiri 25 imatha kusungunula magalamu oposa awiri a cyanuric acid, kutanthauza 2,000 ppm ndi kuposerapo. Dziwe ngakhale litadzaza bwanji ndi stabiliser silifika pafupi ndi mlingo umenewo, choncho mankhwala amene asungunuka kale sakhazikika pansi usiku kukazizira n'kusungunukanso masana kukatentha.

Nthunzi imachotsa madzi okha

Madzi ofunda amauluka ngati nthunzi mofulumira kuposa ozizira, makamaka usiku ndi m'mamawa wa Juni ndi Julayi pamene mpweya uli wozizira ndi wouma. Aliyense amene adaonapo dziwe lofunditsidwa m'mbandakucha amadziwa utsi woyera umene umafuka pamwamba pake. Nthunzi imeneyo ndi madzi okhaokha. Stabiliser amatsala m'dziwe.

Mayi aliyense wophika amazidziwa bwino zimenezi. Mphika wa nyemba ukaphwera, mchere umamveka kwambiri ngakhale palibe amene waonjezera. Akathiramo madzi kufika pamene adali poyamba, mchere umabwerera mwakale. Stabiliser amachitanso chimodzimodzi.

Chitsanzo ndi dziwe lotalika mamita 10, mulifupi mamita 4, lozama mita imodzi ndi masentimita 25, limene limasunga malita 50,000. Madzi akatsika ndi masentimita 5 chifukwa cha nthunzi, ndiye kuti malita 2,000 apita, omwe ndi magawo 4 pa 100 aliwonse. Stabiliser amene adali pa 50 ppm amafika pa 52 ppm, kusiyana kumene choyezera wamba sichingakuone n'komwe. Madzi a pampopi akathiridwa kudzazanso dziwe, nambala imabwerera pa 50 ppm, chifukwa madzi a pampopi alibe stabiliser.

Apa pali phunziro lina limene osamalira maiwe ambiri amaliphonya. Popeza dziwe lofunditsidwa limadzazidwa pafupipafupi, ena amaganiza kuti madzi atsopanowo akusukulutsa stabiliser, ndipo amathiramo wina. Kumeneku n'kulakwitsa. Madzi olowa m'malo mwa nthunzi sasukulutsa kanthu. Stabiliser amachoka makamaka madzi enieniwo akatuluka nawo: potsuka sefa, madzi akamatayikira kunja pamene anthu akusambira, dziwe likamadontha, kapena likasefukira ndi mvula.

Gwero lenileni ndi mibulu ya klorini

Walira mvula walira matope. Amene wafuna madzi ofunda wavomeranso kuti dziwe lake lizidya klorini wambiri. M'madzi ofunda mabakiteriya ndi ndere zimaswana mofulumira, ndipo klorini amatha msanga polimbana ndi litsiro. Kuonjezera apo, dziwe lofunda limakopa osambira ambiri amene amakhalitsamo, ndipo aliyense amasiyamo thukuta, mafuta odzola ndi zina zimene zimadya klorini.

Klorini wa m'maiwe alipo wa mitundu ingapo, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kuli pamtima pa nkhaniyi. Mibulu ikuluikulu imene imaikidwa m'kachidebe koyandama nthawi zambiri imakhala ya mankhwala otchedwa trichlor, amene ndi klorini womangiriridwa pa cyanuric acid. Klorini akatha, cyanuric acid amatsala m'madzi. Pa 10 ppm iliyonse ya klorini wochokera ku trichlor, dziwe limalandiranso stabiliser wa 6 ppm. Ufa wosungunuka msanga wotchedwa dichlor umasiya wochulukirapo, pafupifupi 9 ppm pa 10 ppm iliyonse ya klorini. Koma calcium hypochlorite, ufa umene ambiri m'dziko muno amaudziwa ndi dzina loti HTH chifukwa cha ntchito yake yoteteza madzi akumwa pa nthawi ya kolera, alibe stabiliser. Klorini wamadzimadzi wotchedwa sodium hypochlorite nayenso alibe.

Masamu ake ndi osavuta. Mbulu umodzi wa trichlor wolemera magalamu 200 uli ndi cyanuric acid wa magalamu pafupifupi 110. M'dziwe la malita 50,000 lija, mbulu umenewo umapereka klorini wa 3.6 ppm ndi stabiliser woposa pang'ono 2 ppm. Ngati dziwelo, madzi ake ali ozizira, limadya klorini wa 1 ppm patsiku, pamwezi limafuna 30 ppm, ndipo stabiliser amakwera ndi 18 ppm. Likafunditsidwa n'kuyamba kudya 2 ppm patsiku, stabiliser amakwera ndi 36 ppm pamwezi. Dziwe limene lidayamba Juni lili pa 40 ppm lingafike kumapeto kwa Ogasiti lili pafupi ndi 150 ppm ngati madzi otayika ali ochepa, chonsecho palibe amene adatsegulapo paketi ya stabiliser.

Kutentha kumathandiziranso m'njira ina. Mibulu ya trichlor imasungunuka mofulumira m'madzi ofunda, moti kachidebe kamene kankatha masabata awiri kamapezeka kopanda kanthu nthawi isanakwane. Wantchito wakhama akaona choncho amangodzazanso. Kenako stabiliser akachuluka, klorini amafooka, madzi amachita mbuu, ndipo mwini dziwe amalamula kuti aonjezere mibulu. Mibulu yoonjezerayo imakwezanso stabiliser, vuto n'kumakulirakulira ndi mankhwala omwe amayenera kulithetsa.

Nyengo ya kuno imaonjezera vutoli. Miyezi imene maiwe amafunditsidwa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi miyezi yopanda mvula, kupatula mawawa a chiperoni m'madera okwera a kummwera. M'dzinja mvula yamphamvu imasefukiza dziwe n'kuchotsako stabiliser popanda mwini wake kudziwa. M'nyengo yozizira thandizo limeneli palibe, choncho zonse zimene mibulu yasiya zimaunjikana. Izi n'zimenenso amakumana nazo Amalawi ambiri amene amagwira ntchito yosamalira maiwe ku Johannesburg, kumene nyengo yozizira imakhalanso youma.

Pamene stabiliser amatsika

Pali njira ziwiri zimene madzi ofunda angachepetsere stabiliser. Yoyamba ndi yapang'onopang'ono. Klorini yemweyo amaphwanya cyanuric acid pang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo kuphwanyaku kumafulumira madzi akatentha, klorini akachuluka, kapena pH ikakwera. M'dziwe wamba kuchepa kotereku n'kochepa poyerekeza ndi zimene mibulu imabweretsa. Kumaonekera bwino m'maiwe amene sagwiritsa ntchito trichlor kapena dichlor, monga a mchere, kumene stabiliser sabwezeretsedwa ndi china chilichonse. Eni maiwe otere ndi amene angaone nambala ikutsika mofulumirirapo akayamba kufunditsa madzi, ndipo angafunike kuonjezera stabiliser kangapo pachaka.

Njira yachiwiri ndi yadzidzidzi, ndipo imachitika klorini akatheratu. M'dothi muli mabakiteriya amene amadya cyanuric acid. Ena mwa iwo ndi omwe amaphwanya atrazine, mankhwala opha udzu m'minda ya chimanga, amene akamaola amayamba asanduka cyanuric acid. Mabakiteriyawa amalowa m'dziwe ndi fumbi komanso masamba, koma klorini amawapha asanaswane. Pampu ikaima masiku angapo chifukwa cha kuthima kwa magetsi kapena kuonongeka, kapena eni nyumba akachokapo osasiya wothira mankhwala, klorini amatha, ndipo madzi ofunda amakhala malo abwino oswaniranamo.

Zikatero, stabiliser amatha kutsika kwambiri kapena kuzimiririka. Ena angaone ngati ndi mwayi, koma chimene mabakiteriya amasiya nthawi zambiri ndi amoniya, amene amadya klorini modabwitsa. Stabiliser wa 10 ppm akasanduka yense amoniya, pamafunika klorini wa 25 ppm kapena kuposerapo kuti amoniyayo achoke. Chizindikiro chake n'chakuti klorini aliyense wothiridwa amatha nthawi yomweyo, ndipo madzi amanunkha fungo loboola m'mphuno. Dziwe lotere limafuna klorini wopanda stabiliser, wothiridwa mobwerezabwereza mpaka atayamba kukhalitsa. Stabiliser watsopano amabwera pambuyo pake.

Ngati nambala ikutsika msanga pamene klorini sadathepo, chokayikira choyamba chikhale kudontha. Kuika makina ofunditsira kumafuna kudula ndi kulumikiza mapaipi atsopano, ndipo mapaipi a padenga ali ndi malo ambiri olumikizira amene angadonthe osaonedwa. Madzi odontha amapita ndi stabiliser, ndipo madzi a pampopi olowa m'malo mwake amasukulutsa wotsalayo. Njira yosavuta yosiyanitsira kudontha ndi nthunzi ndi kuika ndowa ya madzi a m'dziwe momwemo pa sitepe ya dziwe, kulemba mzere wa madzi m'kati ndi kunja kwa ndowa, n'kuonanso mawa lake. Madzi a kunja akatsika kuposa a m'ndowa, ndiye kuti pena pake pakudontha.

Choyezera chimathanso kunamiza

Kusintha kwina kumene kumaoneka madzi akafunda sikukhala kusintha kwenikweni. Njira yodziwika yoyezera stabiliser ndi kusakaniza madzi a m'dziwe ndi mankhwala okhala ndi melamine, amene amachititsa madziwo kuchita mbuu. Madzi a mbuuwo amathiridwa m'kabotolo kokhala ndi kadontho kakuda pansi mpaka kadonthoko kasiye kuoneka, ndipo nambala imawerengedwa pambali. Madzi akakhala ozizira kwambiri, mbuu uja amachedwa kupangika ndipo nambala imatha kutsika kuposa mmene zilili. Munthu amene adayeza madzi ozizira a mu Juni n'kuyezanso atafunda angaganize kuti stabiliser wakwera, pamene choyezera changoyamba kunena zoona. Nzeru yake ndi kusiya madzi oyezedwawo m'nyumba kanthawi kuti afunde asanasakanizidwe ndi mankhwala.

Ufa wa stabiliser nawonso umachedwa kusungunuka, ndipo m'madzi ozizira umatha kukhala m'sefa masiku angapo, mwinanso sabata. Madzi akafunda, wotsalayo amasungunuka ndipo nambala imakwera. Wosamalira dziwe wopupuluma, amene amayeza tsiku lotsatira n'kuthiranso wina poona nambala yotsika, amadzapeza kuti wathira kawiri.

Chinanso n'chakuti zoyezera zambiri zimalekera pa 100 ppm. Dziwe la 110 ppm ndi la 200 ppm onse amaoneka ofanana. Nambala ikafika pamapeto penipeni, madzi a m'dziwe asakanizidwe theka ndi theka ndi a pampopi, ayezedwenso, ndipo yankho lichulukitsidwe kawiri.

Chiopsezo pa umoyo

Nkhaniyi siithera pa maonekedwe a madzi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: madzi amatha kukhala oyera mbee pamene klorini wake ndi wofooka moti tizilombo tikukhalamo nthawi yaitali. Madzi ofunda ndi amene amakondedwa ndi mabakiteriya a Pseudomonas, amene amayambitsa zidzolo pakhungu ndi kupweteka kwa m'khutu, komanso a Legionella, amene amayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma timadontho ta madzi a m'timaiwe totentha tothovoka.

Bungwe la ku America loona za kupewa matenda, la Centers for Disease Control and Prevention, limalangiza kuti klorini m'dziwe asachepere 1 ppm, koma ngati muli stabiliser asachepere 2 ppm. Pa timaiwe totentha, bungweli limati klorini asachepere 3 ppm, ndipo limalangiza kuti cyanuric acid asagwiritsidwe ntchito n'komwe. Pa kachilombo ka Cryptosporidium, kamene kamayambitsa kutsegula m'mimba ndipo kamatha kukhala ndi moyo masiku oposa asanu ndi awiri m'madzi a klorini wabwinobwino, bungweli limati munthu akadziipitsira m'dziwe ndi chimbudzi chamadzimadzi, stabiliser atsitsidwe kufika pa 15 ppm kapena kucheperapo asanathire klorini wamphamvu wophera kachilomboka. Dziwe la hotela kapena la sukulu limene lili pa 150 ppm silingatsatire langizoli popanda kutaya pafupifupi madzi onse.

Maiwe ofunditsidwa ambiri amakhala m'kati mwa nyumba kapena pansi pa denga, kumene dzuwa silifika. M'malo otere stabiliser alibe choteteza, koma kufooketsa klorini amafooketsabe. Kugwiritsa ntchito mibulu ya trichlor m'dziwe lam'nyumba ndi kudzisenzetsa katundu wopanda phindu.

Makinawo nawo amavulala

Trichlor ndi wa asidi wamphamvu. Mibulu ikaikidwa m'kadengu kamene kali pakhomo lokokera madzi, pampu ikazima imapitiriza kusungunuka m'madzi ochepa osayenda. Pampu ikayakanso, madzi a asidi amenewo amapita molunjika m'makina ofunditsira n'kumadya mapaipi a kopa amene ali m'makina ena. Malo oyenera a chipangizo chothirira mibulu ndi kutsogolo kwa makinawo, pamene madzi atuluka kale, ndipo pakati pake pakhale valavu yoletsa madzi kubwerera.

Kusiya mibulu n'kuyamba calcium hypochlorite kumathetsa vuto la stabiliser koma kumabweretsa lina. Pa 10 ppm iliyonse ya klorini, ufawu umaonjezera kuuma kwa madzi ndi pafupifupi 7 ppm chifukwa cha kashiamu amene ali m'menemo. Kashiamu amakonda kukakamira pamalo otentha, monga zimakhalira ndi zoyera zimene zimamatirira pansi pa ketulo, ndipo malo otentha kwambiri padziwe lonse ndi m'kati mwa makina ofunditsira. Kumene madzi odzazira dziwe amachokera pa mjigo wa madzi a kashiamu wambiri, nthunzi imachulukitsadi kashiamuyo, chifukwa madzi atsopano aliwonse amabwera ndi wina. Kumeneko klorini wamadzimadzi kapena makina opanga klorini kuchokera ku mchere ndi zimene zimapeputsa ntchito.

Posintha mtundu wa klorini pali chenjezo limene siliyenera kuiwalika. Trichlor ndi calcium hypochlorite zisakhudzane zisanasungunuke, kaya m'ndowa, m'kachidebe koyandama kapena m'chipangizo chothirira. Zikakumana pali chinyezi zimatha kuyaka, kuphulika ndi kutulutsa mpweya wapoizoni.

Mtengo wa kuchedwa

Njira yodalirika yotsitsira stabiliser ndi kutaya madzi ena n'kuthira atsopano. Kuchoka pa 100 ppm kufika pa 50 ppm kumafuna kutaya theka la dziwe. M'dziwe la malita 50,000, amenewo ndi malita 25,000 olipira ku bungwe la madzi. M'dziwe lofunditsidwa bilu imabwera kawiri, chifukwa madzi otayidwawo amapita ndi kutentha kumene kudagulidwa kale. Kufunditsa malita 25,000 kuchoka pa madigiri 18 kufika pa 28 kumafuna kutentha kofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 290. Makina a heat pump amachepetsa kwambiri magetsi ofunika pa ntchitoyi, koma nawonso sagwira ntchito ulere.

Dziwe silifunika kuphwetsedwa lonse nthawi imodzi, makamaka m'dzinja pamene nthaka yakhuta madzi, chifukwa madzi a pansi amatha kukankha dziwe lopanda kanthu mpaka kuling'alula kapena kulitukula. Kutaya pang'onopang'ono n'kotetezeka ngakhale kumadya madzi ochulukirapo. Kutaya gawo limodzi la magawo anayi n'kudzazanso kumatsitsa 100 ppm kufika pa 75, ndipo kubwereza kachiwiri kumafikitsa pa 56. Madzi otayidwawo asalunjikidwe mumtsinje klorini ali wamphamvu.

Zonsezi zimapeweka ndi zizolowezi zochepa. Stabiliser ayezedwe makina ofunditsira asanayatsidwe koyamba m'chaka, kenako kamodzi pamwezi, kapena kawiri ngati dziwe likudalira mibulu, ndipo manambala alembedwe m'kope pamodzi ndi chiwerengero cha mibulu imene yathiridwa. Nambala ikafika pa 50 ppm, mibulu ipumitsidwe ndipo klorini wopanda stabiliser atenge malo. Klorini ndi pH ziyezedwe tsiku lililonse pamene madzi ali ofunda, ndipo klorini asaloledwe kutheratu ngakhale pampu itaima.

Chovundikira chapulasitiki choyala pamwamba pa madzi chimathandiza mbali zonse. Nthunzi ndiyo njira yaikulu imene dziwe limatayira kutentha, choncho chovundikira chimasunga kutentha ndi madzi omwe. Chimatchinganso dzuwa ndi fumbi, zimene zimachepetsa klorini wofunika patsiku. Klorini akachepa, mibulu imachepa, ndipo stabiliser amakwera mochedwa.

Mwini hotela, mphunzitsi wamkulu kapena mwini nyumba amene waika makina ofunditsira madzi amayembekezera kale kuti bilu ya magetsi kapena gasi ikwera. Chimene ayenera kuonjezera pa dongosolo lake ndi choyezera stabiliser, ndi kuuza wosamalira dziwe kuti mbulu uliwonse wolowa m'kachidebe umasiya gawo loposa theka la kulemera kwake m'madzi, ndipo nthawi zambiri gawolo silichoka mpaka madziwo atatayidwa.